Moto ukuyaka koma m'nyumba simukufunda: kusaka ma joule othawa pa mbaula ya mapeleti

Ku Italy, Austria, Sweden ndi kumpoto kwa United States, mabanja ambiri amafunditsa nyumba zawo m'nyengo yozizira ndi mbaula yoyaka mapeleti. Si mbaula yophikira ayi. Ndi bokosi lachitsulo, lalitali kufika m'chiuno kapena kupitirira pang'ono, lokhala ndi chitseko chagalasi, ndipo ntchito yake ndi imodzi basi: kutenthetsa mpweya wa m'nyumba pamene kunja madzi auma gwa. Dandaulo lomwe eni mbaulazi amakhala nalo kawirikawiri ndi lakuti moto ukuoneka kuti ukuyaka ndithu, batani lili pa nambala yomaliza, koma anthu ali pabalaza akunjenjemera. Kumalo kumene usiku kumafika −10 °C imeneyi si nkhani yoseketsa. Okalamba ndi makanda amadwala, mapaipi a madzi amang'ambika madziwo akauma, ndipo ndalama za mapeleti zikupsa pachabe.

Nkhaniyi ndimaikonda ndikamaphunzitsa za energy, chifukwa imaonetsa kuti lamulo lija mumaloweza pokonzekera MSCE, lakuti mphamvu sizilengedwa ndipo siziwonongeka, si lolembera mayeso okha. Ndi chida chofufuzira vuto. Ngati ma joule sakufika pabalaza, ndiye kuti ali kwinakwake. Mwina sanalowe n'komwe m'mbaula, mwina analowa koma moto sunawamasule, mwinanso anamasulidwa n'kuthawira kuchumuni. Wokonza mbaula wodziwa ntchito yake sayamba ndi kumasula mabawuti. Amayamba ndi kuwerengera.

Chili m'kati mwa bokosilo

Mapeleti ndi utuchi wouma womwe aupanikiza kwambiri podutsa m'timabowo tachitsulo, n'kutuluka ngati tizidutswa ta pensulo, kunenepa kwake nthawi zambiri mamilimita 6. Safuna guluu. Kupanikizako kumatenthetsa utuchi, ndipo lignin wa mumtengo momwemo amafewa n'kumata zonse pamodzi. Mukaponya peleti yabwino m'kapu ya madzi imamira, pamene kamtengo wamba kamayandama. Ganizirani zimenezi zikukuuzani chiyani za density yake. Pakapita mphindi zochepa peletiyo imafufuma n'kubwerera kukhala utuchi, ndipo mfundo imeneyi muisunge, tiifunanso.

Mbaula za mtunduwu zinayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1980 ku United States, ndipo munthu amene amatchulidwa kwambiri pa chiyambi chake ndi injiniya Jerry Whitfield wa m'chigawo cha Washington. Kumbuyo kwa mbaula kuli kankhokwe kothiramo mapeleti. Pansi pa kankhokweko pali chitsulo chopiringizika ngati sikuluwu yaikulu, dzina lake auger, chomwe mota yaing'ono imachizunguza masekondi angapo, n'kupuma, n'kuchizunguzanso. Chikazungulira, mapeleti angapo amagwera m'kambale kachitsulo ka mabowomabowo, momwe moto umayakira. Mafani alipo awiri. Ina imakoka utsi n'kuukankhira kunja kudzera m'paipi, ndipo pokoka utsiwo imakokanso mpweya watsopano kulowa m'mabowo a kambale kaja. Inayo imatenga mpweya wozizira wa m'chipinda, n'kuudutsitsa m'mapaipi amene ali pamwamba pa moto, n'kuubweza m'chipinda utatentha. Mapaipi amenewa ndiwo heat exchanger. Utsi uli mbali imodzi ya chitsulo, mpweya wopuma anthu uli mbali ina, ndipo siziyenera kusakanikirana. Chodutsa chitsulocho ndi kutentha kokha.

Yambani ndi thumba ndi wotchi

Kilogalamu imodzi ya mapeleti abwino imakhala ndi mphamvu pafupifupi 17 MJ, kapena titi 4.8 kWh. Tiyerekeze mbaula yolembedwa kuti imapereka 8 kW ndipo efficiency yake ndi 90 peresenti. Kuti itulutse 8 kW iyenera kulandira 8 ÷ 0.9, yomwe ndi 8.9 kW. Gawani ndi 4.8 ndipo mupeza makilogalamu 1.85 pa ola. Ku Ulaya mapeleti amagulitsidwa m'matumba a makilogalamu 15, ndiye kuti mbaula ikamayaka pa nambala yomaliza thumba limodzi lizitha m'maola pafupifupi 8.

Nanga thumbalo likatha m'maola 14? Mwininyumba akhoza kusangalala kuti mbaula yake sidya zambiri. Koma 15 ÷ 14 ndi makilogalamu 1.07 pa ola, kutanthauza 5.1 kW yolowa ndi 4.6 kW yotuluka. Palibe mphamvu zomwe zikutayika pamenepa, mbaulayo ikungogona ndi njala. Lawi lake limakhala lowala bwino, loyera, koma laling'ono.

Chomwe chimachititsa zimenezi kawirikawiri ndi fumbi la utuchi. Thumba lililonse limakhala ndi kafumbi pansi, ndipo pakapita miyezi fumbilo limaunjikana pakamwa pa auger n'kutseka njira. Kumbukirani kuti auger sidziwa kuyeza makilogalamu. Imangozungulira nthawi yomwe yauzidwa. Ikadzaza theka, moto ulandira theka. Mapeleti aatali kwambiri nawonso amatha kupingasana pakamwapo ngati milatho, pansi pake n'kutsala mphako. Mankhwala ake ndi osavuta: kusiya kankhokwe kathe, kuzimitsa mbaula, n'kuchotsa fumbi lonse. Ngati mota ya auger ikulira mwachilendo kapena ikuima ndi kuyamba mosalongosoka, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Pa chinyezi anthu ambiri amalakwitsa kaganizidwe, ndiye tiyeni tiwerengere. Mtengo wouma kotheratu umapereka pafupifupi 19 MJ pa kilogalamu. Kutenthetsa kilogalamu ya madzi kuchoka pa 20 °C kufika pa 100 °C kumadya 4,200 × 80, yomwe ndi 0.34 MJ, ndipo kuwasandutsa nthunzi kumadya 2.26 MJ ina. Zonse pamodzi 2.6 MJ. Mapeleti okhala ndi chinyezi cha 8 peresenti amapereka 0.92 × 19 kuchotsapo 0.08 × 2.6, yankho 17.3 MJ. Akanyowa kufika 20 peresenti amapereka 0.8 × 19 kuchotsapo 0.2 × 2.6, yankho 14.7 MJ. Kusiyana kwake ndi 2.6 MJ, koma taonani bwino: gawo la latent heat pa kusiyanako ndi 0.3 MJ yokha. Zotsalazo ndi chifukwa choti pa kilogalamu iliyonse, magalamu 200 ndi madzi amene sayaka. Ndipo vuto lalikulu kuposa masamu onsewa ndi lija tinaona m'kapu: mapeleti onyowa amafufuma, amasanduka phala la utuchi, n'kutsamwitsa auger. N'chifukwa chake muyezo wa ENplus wa ku Ulaya umafuna chinyezi chisapitirire 10 peresenti, ndipo matumba sasungidwa pa simenti yachinyontho.

Mpweya, pamene pagona nkhani

Tinene kuti thumba likutha m'maola 8 monga mwa masamu, koma m'nyumba mukuzizirabe. Apa tsopano yang'anani lawi. Lawi labwino pa mbaulazi ndi lachikasu chowala, lothamanga, loloza m'mwamba. Lawi lodwala ndi lalitali, laulesi, lofiirira, nsonga zake zautsi, ndipo galasi la chitseko limada bii m'maola ochepa. Mapeleti osapsa amayamba kuunjikana m'kambale. Zonsezi zikunena chinthu chimodzi: okosijeni wachepa.

Izi mukuzidziwa kale ngati munakolezapo mbaula ya makala. Phulusa likatseka mabowo a pansi, makala amangofiira mwaulesi, ndiwo osapsa. Mukaigwedeza phulusa n'kugwa, n'kukupiza pakhomo pake ndi mbale, moto umadzuka nthawi yomweyo. Makala ndi omwe aja, chasintha ndi mpweya.

Kilogalamu ya mtengo wouma imafuna makilogalamu pafupifupi 6 a mpweya kuti ipse yonse, chifukwa mumpweya okosijeni ndi 21 peresenti yokha poyeza volume. Popeza mpweya ndi moto sizisakanikirana bwinobwino, mbaula imakoka woposa pamenepo, kawirikawiri pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ukachepa, kaboni sapsa mpaka kumapeto. Magalamu 12 a kaboni akapsa kukhala carbon dioxide amatulutsa 394 kJ. Akathera panjira kukhala carbon monoxide amatulutsa 111 kJ basi. Ndiye kuti kaboni aliyense wothera panjira wachoka ndi mphamvu zoposa 70 peresenti zomwe akanapereka, n'kupita nazo kuchumuni zisanamasulidwe. Wina sapsa n'komwe, amangokhala mwaye. Mwaye ndi nkhuni zomwe munthu wagula ndi ndalama koma sanaothe.

Chotseka mpweya choyamba kuchikayikira ndi kambale ka moto. Mabowo ake amatsekeka ndi phulusa, makamaka lija losungunuka n'kuuma ngati mwala wa mabowomabowo, lomwe amati clinker. Mapeleti apamwamba a ENplus A1 saloledwa kusiya phulusa loposa 0.7 peresenti, kutanthauza magalamu pafupifupi 105 pa thumba. Zikuoneka zochepa eti? Koma tani imodzi ndi makilogalamu 7, ndipo nyumba imodzi imatha kuotha matani angapo pa nyengo imodzi yozizira. Phulusa lina lopepuka limauluka ndi utsi n'kukakhala m'tinjira tobisika kuseri kwa khoma la moto, pamapiko a fani ya utsi, ndi pamene paipi yakhota. Mapeleti otsika mtengo, okhala ndi makungwa ndi mchenga, amasiya lambiri kuposa pamenepo. Kwa ine kugula oterowo kuti usunge ndalama n'kudzinamiza, pakuti ndalamayo imakatuluka pa mmisiri.

Chachiwiri n'chomwe chimandisangalatsa monga mphunzitsi wa fizikisi, chifukwa poyamba chimaoneka chosemphana ndi nzeru. Chitseko chikamalowetsa mpweya m'mbali, moto umasowa mpweya. Zitheka bwanji? Fani ija imakoka kuchokera kumapeto kwa njira, choncho pressure ya m'chipinda cha moto imakhala yotsikirapo kuposa ya pabalaza. Mpweya umalowa paliponse pomwe wapeza mpata. Chitseko chikakhala chotsekeka bwino, njira ndi imodzi yokha: kudzera m'mabowo a kambale, pakati penipeni pa mapeleti oyaka. Koma chingwe chosapsa chomwe chimazungulira chitseko chikaphwatalala ndi ukalamba, pamatseguka njira yachiwiri yosavuta. Kumbukirani ma resistor awiri olumikizidwa mu parallel: current yambiri imadutsa komwe resistance ndi yochepa. Fani ili ndi malire a mpweya womwe ingakoke, ndiye wambiri ukamalowera pachitseko n'kupita kuchumuni osakhudza moto, wa m'kambale umachepa. Kuyesa kwake n'kwa ulere. Mbaula itazizira, panani kapepala ndi chitseko n'kukakoka. Kakatuluka mosavuta, chingwe chatha. Yesani mbali zonse zinayi.

Musaganize kuti mpweya ukachuluka ndiye zonse zili bwino. Ukapyola muyezo lawi limakhala lalifupi, laukali ngati la owotcherera zitsulo, mapeleti amadumpha m'kambale asanapse, ndipo mpweya wonse wosafunikawo umatenthetsedwa n'kutayidwa kunja. Tiona posachedwa kuti zimenezi zimadya zingati.

Moto uli bwino, koma kutentha sikukuwoloka

Mlandu wovuta kwambiri ndi uwu: mapeleti akudyedwa mokwanira, lawi ndi lokongola, koma m'chipinda mwangoti zii. Mphamvu zamasulidwa, tsono zikulephera kuwoloka chitsulo cha heat exchanger.

Mu conduction, kutentha kodutsa pa sekondi iliyonse kumadalira kukula kwa malo, kusiyana kwa temperature mbali ziwirizo, kuchindikala kwa chinthucho ndi thermal conductivity yake. Ya chitsulo wamba ili pafupifupi 50 W/m°C. Ya mwaye ndi phulusa lopepuka ili cha m'ma 0.1, chifukwa m'kati mwake mwadzaza timatumba ta mpweya wosayenda, monga mmene lilili bulangete. Gawani 50 ndi 0.1. Milimita imodzi ya mwaye imatchinga kutentha ngati chitsulo chochindikala theka la mita! Koma chenjerani, izi sizikutanthauza kuti kutentha kwatsika ka 500. Chitsulo chopyapyala chija sichinali chotchinga chachikulu ndi kale lomwe. Chotchinga chachikulu ndi kampweya kochedwa kuyenda komwe kamamatirira pakhoma la paipi mbali zonse ziwiri. Mwaye umangowonjezera chotchinga china pamzere womwewo, ngati resistor ina mu series. Komabe ukafika mamilimita angapo, kusiyana kwake kumamveka pakhungu.

Kutentha kolephera kuwoloka kumatsala muutsi, ndipo umboni wake ndi temperature ya utsiwo. Mbaula zambiri za masiku ano zili ndi kachipangizo koyeza zimenezi ndipo zimatha kuonetsa nambala yake. Tiyeni tiwerengere. Kilogalamu imodzi ya mapeleti ndi makilogalamu 12 a mpweya zimapanga makilogalamu pafupifupi 13 a utsi. Specific heat capacity yake tiitenge ngati 1,000 J/kg°C. Utsi ukamatuluka pa 120 °C pamene mpweya unalowa pa 20 °C, zotayika ndi 13 × 1,000 × 100, yomwe ndi 1.3 MJ, pafupifupi 8 peresenti ya 17 MJ. Ukamatuluka pa 250 °C, zotayika ndi 13 × 1,000 × 230, pafupifupi 3 MJ, kapena 18 peresenti. Pa matumba khumi aliwonse, thumba limodzi lathunthu lowonjezera likufunditsa mbalame za padenga. Yesaninso nokha masamu omwewa ndi makilogalamu 20 a mpweya m'malo mwa 12, muone zomwe mpweya wopyola muyezo uja umachita.

Mbali ina ya chitsulocho nakonso kumakhala mavuto. Fani ya m'chipinda imakoka mpweya pafupi ndi pansi, komwe kuli fumbi ndi ubweya wa agalu ndi amphaka, poti kumeneko ziwetozi zimagona m'nyumba. Mapiko ake akamatirira zinyalala, mpweya woyenda umachepa. Munthu akaika dzanja potulukira amamva kuotcha kwambiri n'kunena kuti mbaula ili bwino. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokoneza temperature ndi heat. Kuti mpweya unyamule 6 kW utakwera ndi madigiri 60, pafunika 6,000 ÷ (1,000 × 60), yomwe ndi 0.1 kg pa sekondi. Ukatsika kufika 0.05 kg pa sekondi, uyenera kukwera ndi madigiri 120 kuti unyamule zomwezo. Sufika pamenepo. Umatuluka wotentha kuposa kale koma utanyamula ma joule ochepa, otsalawo n'kupita kuchumuni. Thupi la mbaula likatenthetsa, kachipangizo kotetezera ngozi kamachepetsa kapena kuimitsa mapeleti, ndiye mwininyumba amangodabwa moto ukuzilala wokha.

Palinso kanthu kakang'ono koseketsa: kachipangizo koyeza temperature ya m'chipinda kakagona pafupi ndi thupi la mbaula, kamaganiza kuti m'nyumba monse mwafunda, n'kuuza mbaula kuti ipume. Kungokasuntha basi, nkhani yatha.

Nthawi zina mbaula ilibe mlandu

Nyumba imataya kutentha molingana ndi kusiyana kwa temperature ya m'kati ndi ya kunja. Tiyerekeze nyumba yotaya 250 W pa digiri iliyonse. M'kati mukakhala 20 °C ndipo kunja kuli 0 °C, imafuna 5 kW, ndipo mbaula yathu ya 8 kW imakwanitsa mosavutika. Kunja kukafika −20 °C, imafuna 10 kW. Mbaulayo ngakhale itawala ngati yatsopano, ikhoza kungosunga kusiyana kwa 8,000 ÷ 250, madigiri 32, ndiye m'nyumba mukhala 12 °C. Zikatero burashi siithandiza. Chofunika ndi kutseka mipata ya m'mawindo, kuika zotchinga kutentha kudenga, kapena kutseka zipinda zosagonamo anthu.

Kasamalidwe kake

Kambale ka moto kamafuna kupalidwa tsiku lililonse kapena pakadutsa masiku awiri, bowo lililonse lioneke. Mbaula zambiri zili ndi kandodo kokoka ndi kukankha komwe kamapala mwaye pa mapaipi a heat exchanger, ndipo ntchito ya masekondi ochepa imeneyi ndi yomwe anthu amaiwala kwambiri. Kabokosi ka phulusa kamakhuthulidwa pafupifupi sabata iliyonse. Tinjira tobisika, mafani onse awiri ndi paipi ya utsi zimayeretsedwa kamodzi pachaka kapena kuposa, molingana ndi matani omwe apsa ndi zomwe buku la mbaulayo likunena. Zonsezi zimachitika mbaula itazizira ndipo pulagi itazulidwa, pakuti auger ikhoza kuzungulira chala chili m'kati. Phulusa limathiridwa m'chidebe chachitsulo chovundikira n'kuikidwa panja, chifukwa khala lokwiririka m'phulusa limasunga moto kwa masiku. Mwaye uja wotchinga kutentha pa paipi ndi phulusa losunga khala, fizikisi yake ndi imodzi.

Pa carbon monoxide sindichita nthabwala. Alibe fungo, alibe mtundu, ndipo amagwira haemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni koposa ka 200. Mbaula yalawi laulesi ndi paipi yotsekeka ndi fakitale ya mpweya umenewu. Magetsi akathima mwadzidzidzi fani imaima moto ukadali m'kambale, ndipo utsi ukhoza kubwerera m'nyumba. N'chifukwa chake nyumba yokhala ndi mbaula yotere iyenera kukhala ndi alamu ya carbon monoxide. Mpweya womwewu ndi umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka mu June ndi July kuno kwathu. Mutu ukayamba kuwawa, chizungulire ndi nseru pafupi ndi moto, tulukani panja msanga ndipo tulutsaninso ena.

Mapeleti afika kale kufupi nafe, ngakhale pa ntchito ina. Ku Zambia kampani ya Emerging Cooking Solutions imagulitsa mapeleti ndi mbaula zophikira zokhala ndi kafani pansi pa dzina la SupaMoto. Zimenezo zilibe auger kapena mapaipi ofunditsira nyumba, poto ndiye amalandira kutentha. Koma mukaona yotero ikuchedwa kuwiritsa madzi, mafunso ake ndi omwewa: mapeleti ndi ouma, mabowo a mpweya ndi otseguka, batire la fani lili ndi moto, nanga kunsi kwa poto kuli mwaye wochuluka bwanji?

Nali funso loti muyese m'kope. Mbaula yolembedwa 6 kW, ya efficiency 85 peresenti, ikuyaka mapeleti a 4.8 kWh pa kilogalamu. Pa nambala yomaliza thumba la makilogalamu 15 likutha m'maola pafupifupi 10. Lawi ndi lowala, galasi ndi loyera. Itangogulidwa utsi unkatuluka pa 140 °C, pano ukutuluka pa 260 °C. Choyamba onetsani ndi masamu ngati mapeleti akulowa mokwanira. Kenako, potenga makilogalamu 13 a utsi pa kilogalamu ya mapeleti, pezani mphamvu zowonjezera zomwe zikuthawira kuchumuni pa sekondi iliyonse, ndipo tchulani ziwalo ziwiri za mbaulayo zomwe mungayambe kuziyang'ana. Yankho lachiwirilo mulilembe mu kW, ndipo musaiwale kuti ola limodzi lili ndi masekondi 3,600.